Chisoso cha Ba Edmond Sakala

Ba Manija, ba Tcheyamani a komiti ya chipani pano pa fakitale, ba Winifred ndi ana, anzanga nonse opanga mabulangeti, muli shani? Ndine Bernadette wa kosoka.

Ba Edmond, lelo simuthawa. Khalani pomwepo mumve.

Bambo awa anabwela kuno chaka cha ufulu. Sabata yoyamba anakana basi ya kampani, ati kwao ku Kabwata ni pafupi, aziyenda pansi. Anafika teni koloko. Kapitao anafunsa, "Munali kuti?" Iwo ati, "Bwana, mame anali pa ukonde wa kangaude, ndinali kudikila dzuwa liwagunde." Kapitao anangokanda mutu.

Mvula ikangotha mu Epulo, basi, ba Winifred analibe mwamuna pa Sande. Akatuluka ku Misa, ulendo. Kudutsa Woodlands, mpaka kumapili kumene mipanda imathela. Pa Mande buluku lonse chisoso. Ba Chibesa olongedza katundu ndiwo mboni: bulangeti lina linabwezedwa kusitolo, chisoso kumutu mpaka kumiyendo. Ogula anafunsa ngati timalukila kuthengo.

Tinali kuseka, inde. Koma nthawi ya tiyi, makina akakhala chete, tinali kusendela pafupi. Ba Edmond, munali kutiuza za udzu wofika m'khosi, woyamba kufiila. Maluwa achikasu m'mbali mwa njila. Nkhanga zodutsa pamzele. Kamphepo kozizila kolowa m'malaya, thambo lopanda mtambo, Lusaka yense ali patali ngati kadontho chabe ka utsi. Ife ozolowela fumbi la thonje ndi mizele yogulila sopo kusitolo, tinali kukwela nanu phili tili pa benchi.

Zikomo, ba Edmond. Munatiphunzitsa makina mosakalipa. Ambili pano tili ndi zala zonse chifukwa cha inu.

Tsopano ndinene chimene tonse tidziwa. Mukupuma pa nchito nthawi isanakwane chifukwa maso akuchita chifunga. Ba Winifred anandinong'oneza kuti nsapato zanu za kuthengo mwazikankhila pansi pa bedi. Mwati munthu wosaona bwino alibe chochita kuphili. Mawu amenewo anandipweteka mtima.

Kazitulutseni nsapato zija. Udzu wafiila kale, sudikila munthu. Sande ino tikumane pakhomo la tchalitchi, ife tonse amene tinali kukusekani, ngakhale ba Chibesa ndi mimba yawo. Njila ili m'mapazi mwanu, mudzatitsogolela. Maso tibweletsa ndife. Nkhanga zikadutsa tidzakuuzani, maluwa tidzakuthyolelani muwagwile m'manja. Ndipo si Sande imodzi chabe.

Ba Manija, mutikhululukile pasadakhale. Pa Mande fakitale yonse ibwela ndi chisoso.

Mupumule bwino, tate wathu, koma musakhale pansi. Anzanga, imililani, tiwaombele m'manja mpaka amve ku Kabwata!