Mbuzi Yothyoka Nyanga ya Kumanzere

Pa siteji ya minibasi ku Chongwe, mtsikana wina ankadzikupiza ndi satifiketi yatsopano. Bambo wachikulire amene anakhala naye pabenchi anaisuzumira.

"Mwapasa mayeso a chani, mwana wanga?"

"Kuyeza ngati mapulojekiti athandizadi anthu, ba tate. Masabata asanu ku Lusaka. Anatiphunzitsa kuti tisakhulupirire zomva, tizidzionera tokha na maso."

"Manje munaona chani?"

"Anatituma ku mudzi wina ku Palabana. Nyumba khumi na ziwiri, iliyonse na mbuzi yake ya pulojekiti. Ninazijambula zonse."

"Panali yothyoka nyanga ya kumanzere?"

"Zonse zinali choncho! Tinalemba kuti ni mtundu watsopano."

"Ni yanga ija. Za pulojekiti zinafa na matenda chaka chatha, koma tinaopa kuti tikanena, a bungwe lopereka mbuzi sadzabweranso. Imwe mukakwera motoka, ine nadutsa nayo kuseri panjinga, kuthamangira nyumba yotsatira."

"Koma lipoti inapita kale! Tinati mudzi wanu wapambana, mbuzi zatsopano zipite kwina."

"Basi nipatseni satifiketiyo, nikapatse mbuzi yanga. Ndiyo inagwira ntchito."