Mchombo umene unachedwa kugwa

Abale ndi alongo mwa Ambuye, moni nonse. Ndine NyaBanda wa ku Chikale. Ndikufuna ndikuuzeni za chimfine chija cha 1957, chimene chinagoneka Nkhata Bay yense, ndi mmene Mulungu anandisungira mwana wanga.

Ndinali nditaika kale ana awiri m'manda, onse asanayambe kukwawa. Choncho Yotamu atabadwa, mtima wanga sunakhale pansi. Mzamba anali azakhali anga, a NyaMhone, munthu wouma mutu kuposa onse amene ndinawaonapo. Anatitsekera ine ndi mwana m'chikuta, m'kanyumba ka kuseri, monga mwa mwambo, kuti tidzatuluke mchombo ukagwa. Chakudya ankabweretsa okha, wina aliyense ankathera pakhomo.

Amuna anga, a Chirwa, anali wophika mu sitima ya pamadzi. Sitima itakocheza anathamangira kunyumba, ndipo ndinamva mawu awo panja, akutsokomola pang'ono.

"Ada, muno simulowa cha!" anatero azakhali. "Munthu wa paulendo ngotentha."

"Ama, ndingosuzumira basi."

"Kasuzumireni nyanja. Mwanayu mudzamuona mchombo ukagwa."

Ndinalira ndi mkwiyo. Ine Mkhristu wobatizidwa, kumangidwa ndi zachikale! Ndinapemphera kuti Mulungu afewetse mtima wa azakhali, koma mtimawo unakhalabe gwa.

Kunyumba yaikulu abale anasonkhana kudzayamikira mwana. Onse anagwirana chanza ndi a Chirwa, thobwa linazungulira m'chikho chimodzi, ndipo anaimba nyimbo atatseka zitseko chifukwa kunja kunali mwera. Palibe anadziwa kuti sitima inasenza nthenda kuchokera m'madoko a kummwera.

Pasanapite masiku ambiri a Chirwa anagona, thupi lili moto. Anatsatira apongozi, kenako alamu anga. Paja kwathu kuno wodwala sasiyidwa yekha. Anthu anadzaza chipinda kudzazonda ndi kupemphera, ndipo aliyense anatengera chimfinecho kwawo. Mabwato anangokhala pamchenga, makoka osaponyedwa. Kutchalitchi ankati kutsokomola kunaposa nyimbo.

Tsiku lina ndinamva maliro kuseri kwa khoma. Anali mwana wa mlamu wanga, wa miyezi yochepa chabe, amene ankayenda m'manja mwa aliyense tsiku la thobwa lija. Ndinagwira Yotamu. M'maganizo mwanga ndinaona manda achitatu atakumbidwa kale. Mawu ambiri ndinalibe, ndinangoti, "Ambuye, uyu yekha ndisiyireni."

M'mawa mwake mchombo unagwa. Abale, mantha amene ndinali nawo! Mwambo umati tsopano mwana atuluke, abale onse amunyamule, ndipo abale onsewo anali akutsokomola.

Azakhali anali atapita ku chipatala cha pa boma kukatengera a Chirwa mankhwala. Kumeneko anamva wachipatala akufotokozera anthu kuti nthendayi imayenda ndi mpweya wa munthu akatsokomola kapena kuyetsemula, imatsalira m'manja ndi pa chikho, ndipo imakonda m'nyumba zotseka modzaza anthu. Atabwera anasamba m'manja ndi sopo, anayang'ana mchombo uja, nandiyang'ana ine. Kenako anatuluka panja.

"Mchombo sunagwe," anauza apongozi.

Sabata inatha, mchombo sunagwe. Inatha ina, sunagwebe. Anthu anayamba kufunsa ngati mwanayo anabadwa ndi chingwe cha sitima. Azakhali ankangoti, "Mzamba ndinu kapena ine?" Nawonso atayamba kuyetsemula anasiya kulowa, ankangoika mbale pakhomo n'kubwerera. Bodza lawolo ndinalipempherera chikhululukiro tsiku ndi tsiku, koma kunena zoona, sindinaliulule.

Chimfine chitazilala m'mudzi, azakhali nawo atadzuka, analengeza kuti mchombo wagwa tsopano. Ndinatuluka ndi mwana wonenepa, wosatsokomola ngakhale kamodzi. A Chirwa anali atawonda, malaya akuwakhuthukira. Analandira mwanayo misozi ikugwa, ndipo anagwada pamaso pa azakhali.

"Yewu, Ama," anathokoza. "Mukanandilola tsiku lija, ndikanamupha ndi manja angawa."

"Dzukani, Ada, mugwetsa mwana," anayankha azakhali.

Ndikuthokoza Mulungu amene anachiza amuna anga ndi apongozi, amenenso anakana pemphero langa loyamba kuti ayankhe lachiwiri. Mlamu wanga timamupemphererabe, chifukwa chilonda chake sichinapole. Inu amene mukugogoda lero koma khomo silikutseguka, musaleke kupemphera, ndipo musafulumire kukwiya monga ndinachitira ine. Yotamu ali moyo, akuthamanga, ndipo dzulo wandiswera mtsuko. Ambuye alemekezeke.