Amayi atasiya kundiuza zakukhosi

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ine ndine mlangizi wa zaumoyo kuno kwa Chisepo. Ambiri mumandidziwa chifukwa cha sikelo ya ana. Lero ndaima pano kuti ndinene zimene Mulungu wandichitira.

Kale ndinali munthu wosasunga kanthu mumtima. Mowa sindinkamwa. Chimene chinkandiledzeretsa ine chinali foni. Ndikakangana ndi bambo a kunyumba m'mawa, pofika masana dziko lonse ladziwa, chifukwa ndalemba pa tsamba langa la mchezo. Apongozi akandilankhula mosakomera, ndinkalemba. Mlamu wanga atadwala, ndinalemba mophiphiritsa kuti ena akukolola zimene anafesa m'mabala. Dzina sindinatchule, koma ndani sanadziwe?

Anthu ankandichemerera kuti ndine mkazi wosaopa munthu, ine n'kumadzimva. Ndinkati foni ndi yanga, tsamba ndi langa, za kuntchito n'zina.

Sindinkadziwa kuti achinyamata a m'midzi imene ndimayendera ankawerengera amayi awo zonse zimene ndalemba.

Pang'onopang'ono zinthu zinasintha. Amayi ankabwerabe kusikelo, koma mwana akangokwezedwa, ankamubereka n'kumapita. Kale ankatsalira. Wina ankandikokera pambali kuti andinong'oneze za kulera, wina za mankhwala amene akumwa mobisa. Zonsezo zinatha. Ine ndinkangoti pali amene akundichitira nsanje.

Ndiye panali Esinati, mtsikana wa ku Phalombe, mkazi wa tenanti pa esiteti ina ya fodya. Kuno analibe mayi, analibe mbale. Anali woyembekezera, ndipo anayamba kutaya magazi. Nyumba yanga ili pafupi ndi esitetiyo, koma sanabwere. Anabisa mpaka anakomoka m'chigafa akusoka fodya, anthu n'kuthamanga naye kuchipatala cha Mtengowanthenga.

Nditapita kukamuona ndinamufunsa kuti, "Mwana wanga, bwanji sunandiuze?"

Anayang'ana kukhoma. "Anzanga anati inu mukamva kanthu mumalemba pa foni. Akuti ngakhale matenda a alamu anu munalemba. Nanga ine wobwera, mukanandisungira?"

Ndinafuna kudziteteza, chifukwa nkhani ya wodwala wa kuntchito sindinaiululepo ndi imodzi yomwe. Koma akanadziwa bwanji? Iye anangoona munthu wovula a pabanja pake pagulu.

Nkhani inafika kwa akuluakulu a kuntchito, ndipo anandiitana. Anandionetsa pa foni yawo zinthu zimene ndinafufuta kalekale. Anthu anazijambula n'kumatumizirana. Anandiuza kuti ntchito yathu imayenda ndi chinsinsi, ndipo ngati amayi sakundikhulupirira, andichotsa m'dera lino.

Ntchito ndinkaidera nkhawa, inde, koma chimene chinandisowetsa mtendere chinali Esinati. Akanamwalira, kapena akanapita padera, ndikanayankha chiyani?

Ndinapita kwa mayi Nachisale, mkulu wa mpingo wathu uno. Ndinawapeza akutonola chimanga pakhonde. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Amuna anu mwawanenera kwa anthu onse. Kodi munayamba mwawanenera kwa Mulungu?"

Ndinakulira m'tchalitchi, ndinkaimba kwaya, koma zowawa zanga ndinali ndisanapitepo nazo kwa Yesu. Ndinkapita nazo kwa anthu oti andiwombere m'manja. Tinagwada pomwepo, pakati pa zitsononkho. Ndinalira ngati mwana. Ndinati, "Ambuye, chiritsani mtsikana uja, ndipo ine mundigwire lilime ndi zala zomwe. Moyo wanga ndaupereka kwa Inu."

Ndinadzuka mtima utapepuka, ngakhale panalibe chimene chinali chitasintha.

Chovuta kwambiri chinali kupita kukapepesa kwa mlamu wanga. Anandisiya ndili chiimire pabwalo kwa nthawi ndithu. Kenako anatulutsa mpando, nati, "Khalani, alamu. Ndimayesa simudzabwera." Apongozi anatenga nthawi yaitali kuposa pamenepo, koma lero timadyera pamodzi.

Abale, Esinati anachira. Pathupi panakhazikika, ndipo anabereka mwana wamkazi wamphamvu. Uthenga utandipeza ndinali m'njira pa njinga. Ndinatsika, n'kukhala pansi m'mphepete mwa munda wa eni, chifukwa cha chimwemwe.

Kuntchito sanandichotse. Amayi ena ayambanso kundiuza zakukhosi, ena akadali kundiyang'anitsitsa, ndipo sindiwaimba mlandu. Zimene ndinalemba zija zikadali m'mafoni a anthu, sindingazibweze. Foni ndikadali nayo. Koma ndikapsa mtima ndimaiika m'kabati, ndiyambe ndapemphera. Bambo a kunyumba akuti tsopano tikakangana, mkangano umathera m'chipinda momwemo.

Ndikuyamika Yesu amene anamva zonse za ine, zonyansa ndi zochititsa manyazi, koma sanandiyalutse. Anandikhululukira.

Mwina pano pali wina amene mtima wadzaza, ndipo chala chikuyabwa kuti alembe. Mlongo wanga, mchimwene wanga, dikira kaye. Bwera nazo kwa Iye. Ali ndi khutu lakumva, ndipo chimene wamuuza sichituluka.

Dzina lake lilemekezeke. Ameni.