Tochi ya Mayi Whitlow ndi Chombo Chimene Sichinauluke

Bwana mkulu a Dokotala Hargrove, akuluakulu a nthambi zonse, Bambo Whitlow pamodzi ndi ana ndi zidzukulu, ndi inu anzanga okonza injini, ndakulonjerani nonse. Ndine Cedric Mabry. Sinditalikitsa, ndaona kale kuti maso anu ali pa nthiti zowotchazo.

Mayi Odessa Whitlow, amene akupuma pantchito lero, atangoyamba ntchito kuno ku Huntsville anajambula chombo chopita ku Mars. Chokongola zedi. Injini ya nyukiliya kumbuyo, matanki a haidirojeni pakati, anthu kutsogolo. Mkulu wina anachiyang'ana n'kufunsa kuti, "Nanga pobwerera akankha?" Haidirojeni yense anali wa ulendo wopita basi.

Kuchokera pamenepo mayiwa anayamba kuvuta, ndipo anavutadi. Ndani muno sanazimitsiridwepo magetsi? Ukabwera ndi kachombo kako kofanizira, iwo magetsi thimu. Tochi aiika kumbuyo ngati injini, chivindikiro cha poto ngati chishango chotchinga cheza cha nyukiliya. Chilichonse chimene chawala kunja kwa mthunzi wa chivindikirocho ndiye kuti chilandira chezacho n'kuchimwazira kwa anthu. Ine eriyo ya pa kachombo kanga inangosuzumira pang'ono chabe. Anaithyola n'kundiikira m'manja. "Cedric, kaike pa galimoto yako." Bambo Whitlow, chivindikiro mwakhala mukufunafuna kukhitchini chija chili mu ofesi.

Koma chishango chenichenicho n'cholemera, ndipo tonse tafunapo kuchipeputsa kuti chombo chithamange. Mayiwa ankangoti ayi. Tinawatcha mayina. Maudindo anawadutsa akuona, iwo osasunthika.

Ntchito yathuyi yaimitsidwapo kangapo, ndipo mpaka lero chombocho sichinauluke. Mundikhululukire Mayi, ndiulula. Sabata yatha tikulongedza katundu wanu munandifunsa chapansipansi kuti, "Cedric, kodi sindinangotayira moyo wanga pa zojambula?" Funso limeneli landipweteka sabata yonse. Ndikuyankhani pano, ana anu akumva.

Amene adzakwere chombochi mwina panopa ali kusukulu ya mkaka. Dzina lanu sadzalidziwa n'komwe. Koma magazi awo adzakhala abwinobwino, adzabereka ana, adzakalamba n'kumadandaula mawondo ngati ifeyo. Zonsezi chifukwa panali mayi wina wamakani amene analolera kudedwa. Simunataye kanthu, Mayi. Ife otsalafe mwatiphunzitsa kukana, ndipo tizikanabe mpaka tsiku lonyamuka.

Zikomo potipirira. Zikomo potikalipira tisanavulaze mwana wa munthu.

Tsopano kapumeni. Muzidzuka dzuwa litakwera, muzikaweza nsomba mumtsinje wa Tennessee, ndipo zidzukuluzi zikamangako tizidole tawo, chonde musamatithyole.

Anzanga, ikani mbale pansi. Tiimirire tiwaombere m'manja mayi athuwa mpaka amve kuti tikunena zoona.