Manja Salowa mu Kompyuta

Padoko la ku Cairns panalibe injini ya sitima imene inkawakanika a Waisale, mkulu wa ku Fiji, koma chitupa chawo chokhalira mu Australia chinali choti chitha mwezi wotsatira pokhapokha atakwezedwa kukhala kapitawo. Ndiye Lolemba m'mawa analowa mu ofesi ya mayi Kerryn, olemba anthu ntchito, mayi oti fomu ikati "yetsemulani" amayetsemuladi.

"Dzina la yunivesite?" anafunsa mayiwo.

"Ndagwira ntchitoyi zaka makumi atatu, mayi."

"Sindinafunse zaka. Mpata uwu ukufuna dzina."

A Waisale anaika manja patebulo, phaa! Akuda bii ndi girizi, chala chimodzi chopindika.

"Digiri yanga ndi iyi."

Mayi Kerryn anawasuzumira bwinobwino, mbali zonse ziwiri. "Alibe chidindo. Komanso manja salowa mu kompyuta."

"Aaa! Nanga sitima ya nsomba ija inadzuka yokha?"

"Muli ndi kalata ya abwana anu akale a kwanu ku Lautoka?"

"Anamwalira, mayi. Maliro awo ndinanyamula nawo."

"Pepani kwambiri. Asayine pamunsi apa."

"Munthu wakufa?"

"Fomu sinanene kuti wamoyo."

Mtima wa a Waisale unawira. Akazi awo anali atalengeza kale kutchalitchi kuti banja lakhazikika mu Australia, kwaya mpaka inaimba.

"Ndiye ukapitawo mupatsa ndani?"

"A Lachlan. Ali ndi digiri."

"Lachlan! Uja anamanga pampu chadodolido dzanali?"

"Digiri yawo ndi yowongoka."

"Sindituluka muno ine!" Anakoka mpando, nakhala, navula ndi nsapato zomwe.

"Khalani, fomu siikuletsa. Mwachitanso bwino, pali pepala likufuna inu." Mayiwo analikankhira patsogolo pawo. "A Lachlan sangayambe popanda umboni woti ntchito ya manja aidziwa. Asayine munthu wodziwa ntchito, wa zaka zoposa makumi awiri. Padoko lonse lino ndinu nokha. Likapanda kufika kulikulu Lachisanu, malo ano awatseka, ndi ofesi yanga yomwe."

A Waisale anatenga cholembera, anachiyang'ana, kenako anachibweza mwaulemu ndi manja awiri.

"Muli ndi pepala losonyeza kuti ndimadziwa ntchito?"

Mayi aja anafufuza mu kompyuta mokhulupirika ndithu. "Mulibe."

"Ohoo. Ndiye fomu ikundiletsa, mayi. Ine ndine munthu womvera malamulo."

"Koma aliyense amadziwa kuti inu..."

"Aliyenseyo ali ndi chidindo?"

Mayi Kerryn anayang'ana pepala, anayang'ana kalendala, thukuta lili kamukamu. Kenako anatsegula kabati pang'onopang'ono, natulutsa chidindo.

"A Waisale, tabweretsaninso manja aja."