Kadishi Koyang'ana kwa Solomoni

Loweruka masana, Winfrida, wogwira ntchito pa kakampani ka ku Katete kogulitsa tokutayimu, madishi a TV ndi intaneti yopanda waya, anaimika njinga yamoto pakhomo pa a Gideon Sakala, aphunzitsi opuma pantchito a kufupi ndi Vubwi. Amene anamutuma anali mwana wawo Yunesi, nesi wa ku Botswana, yemwe anali atangobereka mwana wamkazi ndipo ankafuna kuti 3 koloko ikakwana atate ake alione khandalo pa vidiyo n'kulitcha dzina.

"Waya uli kuti?" anafunsa a Sakala akusuzumira m'katoni.

"Ulipo umodzi, aphunzitsi. Wa mamita khumi."

"Mamita khumi afika ku Botswana?"

"Afika pabalaza."

"Nanga kotsalako?"

"Kotsalako kulibe waya. Intaneti yathu imayenda mumphepo."

A Sakala ananyowetsa chala n'kuchikweza m'mwamba. "Lero kulibe mphepo."

Winfrida anayang'ana masamba a mtengo wa mango. "Zoona, kulibe."

"Ndiye mwabwereranji?"

"Kudzamanga kadishi."

Anatsamiritsa makwerero kukhoma, nakwera padenga, nakhomerera mpaipi. Pamwamba pake anamangapo kadishi koyera, n'kuyamba kukatembenuzira kumadzulo pang'onopang'ono, maso ali pa foni.

"A-a-a! Imani pomwepo! Kakuloza kuti kameneko?"

"Ku tawala yathu, ili paphiri apo."

"Ndipo pakati pa ine ndi phirilo pali chiyani?"

Winfrida anatchinga dzuwa ndi dzanja. "Khola la mbuzi, mapapaya awiri ndi nyumba ya a Solomoni Mwale."

"Basi! Mwatchula nokha. Cha pakhomo panga sichiyang'ana kwa Solomoni. Ngakhale tambala wanga amadziwa."

"Analakwa chani a Solomoni?"

"Zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, pamaso pa kwaya yonse ya ku Reformed, munthu ameneyo ananena kuti ine ndimayimba ngati ngolo yopanda girisi."

"Ine sindinakumvenipo mukuyimba, ndiye sindingaweruze."

"Palibe wakupemphani kuweruza! Kalozetseni kutchalitchi."

Winfrida anakatembenuza, nayang'ana pa foni. "Ziro."

"Kutchalitchi kuli ziro?"

"Signo yake ndiyo ziro."

"Yesani ku Malawi."

"Ziro."

"Ku Mozambiki."

"Ziro, aphunzitsi."

A Sakala anagwira m'chiuno. "Maiko onsewa, intaneti yaona kuti malo abwino okhala ndi kwa Solomoni?"

"Siikhala kwawo. Imangodutsa chabe."

"Imadutsa pati?"

"Pamwamba pa denga lawo."

"Ndiye ndikati, ‘Yunesi mwana wanga, wadzuka bwanji,’ mawu amenewo adutsa padenga pa Solomoni?"

"Adutsa."

"Nanga nkhope ya mdzukulu wanga pobwera?"

"Idzera pomwepo."

"Mayo ine! Ndiye kuti Solomoni ayamba kumuona mdzukulu wanga, ine agogo ake ndili pamzere!"

"Ngakhale ayang'ane kumwamba saona kanthu."

"Simumudziwa Solomoni inu. Amaona ndi nkhuku yomwe ndapha kuseri kwa nyumba."

"Nkhuku imaoneka. Signo sioneka."

"Chabwino. Isunthireni tawalayo kumpoto pang'ono."

"Ndi yachitsulo, ndipo anaizika ndi simenti."

"Ndiye signo yanuyo ikhote. Izungulire kudimba, ilowere kuseri kwa nkhokwe."

"Siikhota. Imayenda molunjika."

"Ngakhale basi ya ku Lusaka imakhota!"

"Basi ili ndi dalaivala."

A Sakala anavula chipewa, nadzikupiza nacho, nachivalanso. "Nthawi ili bwanji?"

"Hafu pasiti thuu."

"Kuli bwino ndife kusiyana n'kuti mdzukulu wanga adzere kwa Solomoni!"

Winfrida anatsika pamakwerero, natulutsa fomu ndi cholembera m'chikwama. "Mukafa, pa kasitomala tilembepo ndani?"

"Ndani wati ndikufa?"

"Mwanena ndinu."

"Ndi kalankhulidwe chabe, mwana iwe! Kusukulu munapita kuti?"

"Ku Sinda."

"Zikuoneka."

"Manje ndiyambe ndakonza zam'nyumba, zapadenga muziganizira."

Analowa pabalaza, nalumikiza kabokosi ka nyali zobiriwira ku batire ya sola. A Sakala anamutsatira, naima pakhomo manja ali kumbuyo ngati akuyang'anira mayeso.

"Dzina mwakonza kale?" anafunsa Winfrida osadzutsa mutu.

A Sakala anakoka mpando n'kukhala pansi. "Ndinakonza tsiku lomwe Yunesi anandiuza kuti ndi woyembekezera. Fyness."

"Ya F kapena ya P ndi H?"

"Ya F. Anali mkazi wanga. Anatisiya chaka chatha, nthawi yokolola thonje. Ankati akufuna adzanyamule mwana wa Yunesi kumbuyo, koma sizinatheke. Ndiye ndati dzina lokhalo libwerere pakhomo pano."

"Pepani, aphunzitsi." Winfrida anadina pa foni. "Labwerera."

"Chabwerera n'chiyani?"

"Dzina. Onani. Intaneti yanu tsopano ndi Fyness. Aliyense wodutsa pamsewu akatsegula foni azimuona."

A Sakala anadzambatuka. "Mwatcha kabokosi dzina la mkazi wanga?"

"Ndinafunsa dzina, mwandipatsa."

"La mdzukulu! La munthu!"

"Ine ndimafunsa la kabokosi. Ndifufute?"

"Mufufute Fyness?"

"Ndiye ndisiye?"

"Musiye Fyness azionedwa ndi aliyense wapamsewu?"

Winfrida anagwira foni m'mwamba, chala chili lende. "Apa pali mabatani awiri chabe, aphunzitsi."

"Lembani Sakala! Ine ndiye andione!" Anayenda mpaka pawindo n'kubwerera. "Mukudziwa chimene chikundiwawa? Makolo a mkamwini wanga ali ku Ndola, mumzinda, intaneti ili mbwee. Yunesi wanena kuti 3 koloko tonse tikhala pa vidiyo imodzi. Ine ndikapanda kuoneka, iwo dzina ali nalo kale m'thumba. Shantel."

"Ndi labwino."

"Limatanthauza chiyani?"

"Sindidziwa."

"Iwonso sadziwa!"

"Muwaimbire pa foni wamba. Tokutayimu ndili nayo m'chikwama."

"Foni pano imagwira pachulu pokha, ndipo imadula mawu pakati. Tsiku lina ndinati, ‘Mbuzi yabereka,’ Yunesi anamva kuti nyumba yapsa. Ndikati Fyness, kumeneko akamva Finiyasi. Ndiponso mwana sutcha dzina usanamuone nkhope."

"Ndiye kadishi kayang'ane kumadzulo."

"Ayi!"

"Kwatsala mphindi khumi ndi ziwiri."

"Zitsale!"

Winfrida anatenganso fomu ija. "Chabwino. Ndiyenera kulemba chifukwa chimene ntchito yalepherekera. Pali mabokosi anayi. Mtengo watchinga. Phiri latchinga. Denga ndi lofooka. Kasitomala sanapezeke."

"Lembani kuti Solomoni."

"Solomoni palibe pa fomu."

"Ndiye mtengo watchinga."

"Mapapayawo ndi aafupi. Likhala bodza."

"Phiri!"

"Phirilo ndi limene lanyamula tawala."

"Denga!"

"Denga lanu ndi lolimba kuposa la a Solomoni."

A Sakala anamwetulira koyamba tsiku limenelo. "Mwaona? Bwerezani."

"Ndi lolimba kuposa la a Solomoni."

"Ehe! Malata anga ndi ochindikala, a geji yeniyeni, osati mapepala aja." Kumwetulirako kunazilala pang'onopang'ono. "Dikirani. Inu denga la Solomoni mwalidziwa bwanji?"

"Ndinakwerapo."

"Kukatani?"

"Kukamanga dishi ya TV. Amakonda mpira."

"Liti?"

"Mwezi wa Epulo."

"Ndiye nthawi yonseyi osanena?"

"Simunafunse."

"Yaikulu bwanji?"

Winfrida anatambasula manja onse awiri mpaka pamene anathera.

"Nanga yangayi?"

Anawabweza manjawo mpaka anatsala ngati wanyamula chivundikiro cha poto.

A Sakala anafunsanso: "Ndipo dishi yakeyo ikuyang'ana kuti?"

"Za TV zimayang'ana kum'mawa."

"Kum'mawa kwa Solomoni kuli chiyani?"

Winfrida anaganiza pang'ono. "Mapapaya awiri, khola la mbuzi ndi nyumba yanu."

"Nyumba yanga!"

"Makamaka windo la kuchipinda. Simunaione? Imaonekera ngakhale pakhonde panu."

"Ndiione bwanji? Ine kumeneko sindiyang'anako! Ndikatuluka m'nyumba khosi ndimapotolera uku!" Anathamangira pakhonde, nayang'ana kumadzulo, naima kukamwa kuli yasa. Dishi ija inali phee padenga lofiira, yotuwa, yotambalala, italunjika pa iwo. "Kuyambira Epulo! Chinthu ichi chakhala chikundiyang'anitsitsa kuyambira Epulo! Iye sanakane?"

"Anafunsa kuti iloza kwa yani. Nditawauza, anati, ‘Mangani, ndipo mulimbitse mabawuti.’"

"Anatero?"

"Anandipatsanso nzimbe."

A Sakala ananyamula okha makwerero aja, nawamenyetsa kukhoma. "Kwerani!"

"Kukamasula?"

"Kukamanga! Kalozetseni pakhomo pake penipeni, ndipo mabawuti ake mulimbitse kuposa a iyeyo!"

Winfrida anakwera, nakatembenuza kadishi, nayang'ana pa foni. "Signo yadzaza. Kwatsala mphindi zitatu." Anasuzumira pansi. "Koma aphunzitsi, mdzukulu uja adutsabe padenga pa a Solomoni."

A Sakala anali akumanga kale batani la pakhosi, chipewa atachiwongola.

"Adutse, ndipo adutse pang'onopang'ono! Solomoni aone kuti mumphepo mwake mumabwera mpira, mwa ine mukubwera Fyness!"