Tsiku Limene Ndinabweza Mbale ya Azakhali

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye Yesu. Mundikhululukire, sindinazolowere kuima kutsogolo. Ndikufuna kuchitira umboni.

Ine ndine Esinati. Ndinakulira kumudzi ku Katete, ndipo zaka zitatu zapitazo ndinabwera kuno ku Mtendere kudzakhala ndi azakhali anga, amene amagulitsa tchipisi ndi soseji pamsika. Nditangofika ndinayamba kudwala. Zala zinkatupa, tsitsi linkathothoka, ndikakhala padzuwa masaya ankatuluka zidzolo. Tinayenda, abale, tinayenda. Pomaliza kuchipatala chachikulu anati ndi lupasi, matenda amene thupi limadzimenya lokha.

Anandipatsa mapilitsi, ululu unachepa, ndipo ndinayamba kunenepa. Ena a inu munandiuza panja apa kuti, "Esinati, Lusaka yakukonda!" Amene anakondwa koposa ndi azakhali. Iwo anandiona ndili mafupa okhaokha, ndipo analonjeza amayi anga pafoni kuti mwana wanu sadzafera m'manja mwanga. Choncho tsiku lililonse mbale yanga inkadzaza tchipisi chotsala, soseji, ndiwo zosambira mu saladi, mafuta ophikira aja, mchere wina pamwamba. "Idya iwe, mphamvu uzazipeza kuti?" Kwathu anatiphunzitsa kuti mwana sabweza mbale imene wamkulu wam'patsa. Umalandira ndi manja awiri, umadya, umathokoza. Ine ndinkatero.

Chaka chatha ndinayamba kumva pachifuwa kulemera ndikasenza chigubu cha madzi. Sindinauze munthu. Ndinkati matenda a mtima ndi a okalamba ndi a mabwana oyenda pagalimoto, ine wa zaka makumi awiri ndi ziwiri andipeza bwanji? Adokotala akafunsa, ndinkayang'ana pansi n'kuyankha kuti palibe vuto, poti mzere unali wautali ndipo sindinkafuna kuwatayitsa nthawi.

Koma Mulungu amaona, abale. Tsiku lina nesi wina atandiyeza bipi anayezanso kachiwiri, kenako anandiyang'anitsitsa. Anati, "Nakuona pamasitepe paja, waima kabili. Osaninamiza mwana wanga, nili na bana monga iwe." Ndinalira, n'kunena zonse.

Atayeza magazi, adokotala anandikhazika pansi. Anati lupasi imatupitsanso mitsempha ya magazi mkati mwake, ndiye mafuta amakakamiramo msanga, njira ya magazi n'kumachepa, ngakhale munthu akhale mtsikana. Anati mapilitsi amene anandithandiza aja, akamwedwa ambiri nthawi yaitali, amakweza bipi, shuga ndi mafuta a m'magazi, ndipo kunenepa kumene tinkasangalala nako kunali kwa mapilitsiwo. Anayeza impso, anafunsa ngati ndimasuta fodya. Kenako anati, "Mankhwala osasiya wekha, tichepetsa ife pang'onopang'ono, ndipo tikupatsa ena a bipi ndi a mafuta. Koma mbale yako sitingakusinthire ife. Ukapitiriza chonchi, mtima ukhoza kuima usanafike zaka makumi anayi."

Mu minibasi pobwerera sindinkaopa imfa kwenikweni. Ndinkaopa azakhali. Ndinapemphera chamumtima kuti, Ambuye, nditsegulireni pakamwa.

Madzulo mbale inabwera. Ndinagwada, ndinalandira ndi manja awiri, kenako ndinaibweza. Ndinati, "Zikomo azakhali, koma adokotala ati zimenezi zikutseka mitsempha yanga."

Azakhali anati, "Ati bwanji? Vakudya vanga vasanduka poizoni? Wabwela kuno woyonda monga nsungwi, lelo waziba kusankha!"

Masiku atatu sanandilankhule. Masiku atatu, abale, m'nyumba ya zipinda ziwiri. Ndinkaphika nyemba zanga pambaula ndekha, iwo n'kumadutsa ngati sakundiona. Kawiri konse ndinatsala pang'ono kukapepesa ndi kudya tchipisi chija kuti mtendere ubwerere. Chinandigwira ndi chiyani, sindidziwa. Ndikhulupirira ndi Mzimu wa Mulungu.

Tsiku lachinayi m'mawa anamanga chitenje n'kunena kuti, "Tiye, nikazimvelele neka kuli ba dokota bako." Anakamva zonse. Tinakwera minibasi kubwerera. Titatsika pamsika anagula chibwabwa, masamba a maungu aja, repu ndi nsomba, anaphika ndi supuni imodzi yokha ya saladi. Atalawa anati, "Ivi ni vakudya va mbuzi." Koma anasamba m'manja, nadya nane mbale imodzi.

Sindinama pamaso panu, lupasi sinathe. Mankhwala ndikumwabe, ndipo masiku ena zala zimatupa. Koma sabata yatha anati bipi yatsika, mafuta a m'magazi atsikanso. Ndakhala ndikuganiza kuti ndinatsala pang'ono kufa chifukwa choopa kukhumudwitsa anthu amene amandikonda, pamene iwowo ankangofuna kuti ndikhale ndi moyo. Ngati pano pali wina wodwala matendawa, chonde ukayezetse bipi ndi magazi, ndipo pachifuwa pakalemera unene.

Ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha nesi uja, amene ngakhale dzina lake sindilidziwa. Ndikuthokoza chifukwa cha azakhali, amene akhala pabenchi yachitatu apo, ndipo mmene akundiyang'aniramo ndadziwa kuti tikakambirana kunyumba. Kondwerani nane, abale. Amayi, nthungululu zimveke, pakuti mtima uwu ukugundabe. Ameni.